Donnie Yen wake uti: mphunzitsi, wapolisi kapena chigawenga?

Mukatchula dzina la Donnie Yen pagulu la okonda mafilimu achitchaina, ambiri m'maso mwawo mumabwera bambo wofatsa uja wa mkanjo wautali, wolankhula motsitsa mawu, amene amayamba wakupatsa ulemu asanakuthyole nthiti. Ameneyo ndi Ip Man, mphunzitsi wa kung fu amene Yen anasewera ngati iye. Komatu filimu yoyamba ya Ip Man inatuluka mu 2008, Yen ali ndi zaka 45, atagwira kale ntchito ya mafilimu kwa zaka 24. Kufatsa kuja anachita kukuphunzira atakula. Asanafike pamenepo anakhalapo mkulu wa asilikali wankhanza, wapolisi wa mtima wapachala, ngakhalenso mnyamata wovina breakdance. Ndiye ngati bandulo ya intaneti ili yoperewera, kapena memore khadi ingokwana mafilimu awiri kapena atatu, funso loti muyambire pati si lachibwana.

Langa yankho ndinene poyambirira: yambani ndi SPL ya 2005. Koma pali anthu ena amene yankho limeneli silingawakomere, ndipo nawonso ali ndi polowera pawo.

Yen anabadwira ku Guangzhou mu 1963, ubwana wake anathera ku Hong Kong, ndipo ali ndi zaka 11 banja lonse linasamukira ku Boston, ku America. Mayi ake, a Bow-sim Mark, ndi mphunzitsi wodziwika wa wushu ndi tai chi, masewera a ndewu achitchaina, ndipo anatsegula sukulu yawo mumzindamo. Mnyamatayo sanakhutire ndi za mayi ake zokha, ankatola kamenyedwe kalikonse komwe wakumana nako, kuphatikizapo taekwondo. Makolo ataona kuti wayamba kukonda za m'misewu, anamutumiza ku Beijing kukaphunzira ndi timu ya wushu ya kumeneko, yomwe inasulanso Jet Li. Pobwerera anadzera ku Hong Kong, n'kukumana ndi Yuen Woo-ping, kadaulo wokonza ndewu za m'mafilimu, amene anamupatsa gawo lalikulu mu Drunken Tai Chi mu 1984. Mbiri imeneyi ikuthandizani posankha, chifukwa ikusonyeza kuti Yen si munthu wa kamenyedwe kamodzi. Ndi wosakaniza, ndipo amawala kwambiri pomwe amulola kusakaniza.

Za mikanjo ndi zingwe

Amene mtima wawo uli pa kung fu yakale, ya amuna ometa kutsogolo n'kuluka tsitsi lalitali kumbuyo, odumpha kuchoka pansi mpaka padenga, ali ndi mafilimu awiri oti asankhepo.

Yoyamba ndi Once Upon a Time in China II ya 1992, yomwe anatsogolera ndi Tsui Hark. Mwini filimu ndi Jet Li, amene akusewera ngati Wong Fei-hung, sing'anga komanso katswiri wa kung fu yemwe anakhalakodi m'chigawo cha Guangdong. Yen ndi mdani, Nap-lan, mkulu wa asilikali a ufumu wa Qing amene akusaka anthu ofuna kugwetsa ufumuwo. Saoneka nthawi yaitali, koma pa ndewu yomaliza amapota nsalu yaitali mpaka kulimba n'kuyamba kumenyera ngati ndodo, m'kanjira kopanikiza komwe Jet Li akusowa pothawira. Gawo limeneli ndi lomwe linachititsa kuti dzina lake lilowe pamndandanda wa opikisana pa Hong Kong Film Awards. Filimuyi ndi yabwino, koma ndi ya Jet Li. Mukaionera chifukwa cha Yen mudikira ndithu.

Iron Monkey ya 1993 ndiye imamupatsa malo okwanira. Apa akusewera ngati Wong Kei-ying, bambo ake a Wong Fei-hung yemwe uja, amene wafika ndi mwana wake m'tauni momwe muli mbala yovala chophimba kumaso, yobera bwanamkubwa wakatangale n'kumagawira osauka. Bwanamkubwayo amagwira mwanayo kuti akakamize bamboyo kusaka mbalayo. Ndewu yotsiriza imachitikira pamwamba pa mitengo yozikidwa, pansi moto ukulilima. Kamwana kaja kanaseweredwa ndi mtsikana, Angie Tsang, ndipo ambiri amamaliza filimu yonse osazindikira. Iyi mutha kuonera ndi ana opanda kugwira rimoti m'manja.

Chofooka cha gulu limeneli n'chakuti thupi la Yen silioneka mmene lilili. Zingwe zimamunyamula, zithunzi amazithamangitsa, moti mateche amene anali othamanga kale amaoneka ngati a katuni. Ena ndi zomwe amakonda, ndipo sindikuwatsutsa. Koma mukafuna kudziwa chimene munthuyu amatha payekha, pitani kwa wapolisi.

Wapolisi wosamva zomuuza

Uwapolisi anauyamba kale. Mu In the Line of Duty 4 ya 1989 ndi Tiger Cage 2 ya 1990, onse a Yuen Woo-ping, mumaona Yen wachinyamata, wodzimva, akuponya mateche atatu asanaponde pansi. Nkhani zake n'zosalimba, koma miyendo ija inali yoopsa. Kenaka zinthu zinamuvuta. Anayesa kutsogolera mafilimu akeake ndi ndalama zochepa, monga Legend of the Wolf ya 1997, ndipo anapita ku Hollywood komwe ankangomupatsa timagawo ting'onoting'ono, monga mu Blade II. Pofika 2005 anali ndi zaka 42, wodziwika kwa okonda ndewu koma osati dzina lodzaza holo ya kanema.

Ndi pamene anakumana ndi Wilson Yip n'kupanga SPL, yomwe ku America anaitcha Kill Zone. Nkhani yake ndi ya wapolisi wachikulire, woseweredwa ndi Simon Yam, amene wapezeka ndi chotupa mu ubongo ndipo watsala pang'ono kupuma pantchito asanamange chigawenga chachikulu, Wong Po. Iye ndi anyamata ake amasankha kusintha umboni kuti amukole munthuyo. Yen akusewera ngati Ma Kwun, amene wabwera kudzalowa m'malo mwake, nayenso ali ndi chomudya mumtima: nthawi ina anamenya woganiziridwa mlandu chibakera chimodzi, munthuyo mutu sunabwererenso mwakale. Palibe woyera m'filimuyi. Chigawengacho, choseweredwa ndi Sammo Hung, chimakonda mkazi wake ndi khanda lake kuposa mmene apolisiwo amasamalira mabanja awo, ndipo zambiri zimachitika pa tsiku lokumbukira abambo.

Ndewu zazikulu zilipo ziwiri basi, ndipo zonse zili kumapeto. Yoyamba ndi ya m'kanjira ka kuseri kwa nyumba: Yen ali ndi kandodo kachitsulo ka apolisi, Wu Jing, mnyamata wa Wong Po, wavala zoyera ndipo ali ndi mpeni. Kamera siidukizaduka, imangowatsata, moti mumaona aliyense akuyesa, akuphonya, akubwerera m'mbuyo kukapuma. Yachiwiri ndi ya Yen ndi Sammo Hung, amene panthawiyo anali atapitirira zaka 50 komanso ndi munthu wathupi. Apa m'pamene Yen analowetsa zogwetsana pansi, zopotokola mkono ndi zokanyanga pakhosi, zochokera ku judo, jiu-jitsu ndi MMA (ndewu yosakaniza kamenyedwe kosiyanasiyana), zomwe m'mafilimu a ku Hong Kong zinali zisanazolowereke. Yen yemweyo ndiye anakonza ndewuzi, ndipo analandira nazo mphoto pa Hong Kong Film Awards.

Amene simunaionere ndipo simufuna kuuzidwa mathero, dumphani ndime ino. Ife amene tinakulira m'mavidiyo sho timadziwa lamulo lija loti mwini filimu safa. SPL imaliphwanya lamuloli, ndipo imaliphwanya mwankhanza moti wopambana pa ndewuyo amataya chilichonse chimene amamenyera. N'chifukwa chake ndimaiika pamwamba. Ndewu yake ndi yeniyeni, nkhani yake ili ndi mano, ndipo Yen sakufunika kunyamula filimu yonse yekha chifukwa Simon Yam ndi Sammo Hung akumuthandiza kumbali ya zisudzo.

Flash Point ya 2007, ya Wilson Yip yemweyo, inapititsa patsogolo za MMA zija. Yen ndi wapolisi Ma Jun, Louis Koo ndi mnzake amene walowa mwachinsinsi m'gulu la abale atatu ochokera ku Vietnam. Ola loyamba lili ngati kudikira minibasi kuti idzaze. Koma ikangonyamuka, kuyambira pomwe Yen amathamangitsa mmodzi wa abalewo mumsika n'kumunyamula m'chiuno kukam'menyetsa pansi chagada, mpaka ndewu yaitali yomaliza ndi Collin Chou, palibenso kupuma. Kunena za ndewu yokha, iyi ikuposa SPL. Kunena za filimu yonse, ikuchepa kutali. Ngati ndinu uja amene amathamangitsa filimu kufuna pomenyana, tengani Flash Point ndipo simudandaula.

Raging Fire ya 2021 ndi ya amene akufuna zithunzi zamakono, mfuti zambiri ndi magalimoto owombana. Inali filimu yomaliza ya Benny Chan, amene anamwalira mu 2020 isanatuluke, ndipo inapata mphoto ya filimu yopambana zonse pa Hong Kong Film Awards. Yen ndi wapolisi wokana ziphuphu amene ananena zoona kukhoti, anzake n'kumangidwa. Chodabwitsa n'chakuti amene mumatuluka mukumukumbukira ndi Nicholas Tse, wapolisi wakale uja amene watuluka kundende ali ndi mkwiyo. Yen pano ndi wolungama mopitirira, ndipo munthu wolungama kwambiri satenga mtima wa woonera.

Mafilimu a gulu lonseli si oonera ndi ana aang'ono. Magazi ndi ambiri, ndipo mipeni yake imacheka zooneka.

Ip Man zilipo zinayi, koma sizifanana

Ip Man weniweni anabadwa mu 1893 n'kumwalira mu 1972. Anali wa ku Foshan, anasamukira ku Hong Kong mu 1949, ndipo kumeneko anaphunzitsa Wing Chun, mtundu wina wa kung fu, kwa anthu ambiri, mmodzi mwa iwo Bruce Lee. Zoona zake n'zimenezo. Zambiri zimene mumaona m'mafilimu, monga kumenyana ndi mkulu wa asilikali a Japan pamaso pa khamu, ndi zopeka, ndipo amene amakangana pa Facebook ngati ndi mbiri yeniyeni akungotaya bandulo.

Yoyamba ija ya 2008 ndiye yolimba. Imayamba mosangalatsa: Ip Man ndi munthu wachuma amene safuna ophunzira, ndipo pamene wankhonya wina wochokera kumpoto wabwera kudzanyoza aphunzitsi onse a mu Foshan, amamukwapula ndi kandodo ka nthenga kopukutira fumbi, m'chipinda chochezera, mkazi wake akudandaula za katundu wosweka. Kenaka asilikali a Japan amalanda mzindawo, nyumba imapita, ndipo bambo uja amakagwira ganyu ya malasha kuti banja lidye. Aphunzitsi a kung fu amayamba kumenyana ndi asilikali kuti apate kathumba ka mpunga. Pamene mnzake waomberedwa, Ip Man amapempha kumenyana ndi anthu khumi nthawi imodzi, ndipo ndi pokhapo pamene mumamuona atataya ulemu wake uja. Ndewuyo imagwira mtima chifukwa mwakhala nthawi yaitali mukumuona akudziletsa. Ndewu za m'filimuyi anakonza ndi Sammo Hung, ndipo inatenga mphoto ya filimu yopambana zonse pa Hong Kong Film Awards.

Nanga bwanji sindikunena kuti muyambire pamenepa? Chifukwa mukayamba ndi Ip Man, ena onse muziwayeza ndi iyeyo, ndipo wapolisi wa mu SPL azikuonekerani ngati munthu wamwano chabe. Mukayamba ndi wapolisiyo, ndiye mumazindikira ntchito imene Yen anagwira kuti atsitse mapewa, asiye mateche owuluka aja, aime mowongoka n'kumamenya ndi timikono tatifupi ta Wing Chun. Komabe ngati mukuonera ndi banja lonse, kapena ndi munthu amene mafilimu a ndewu sawakonda kwenikweni, Ip Man yoyamba ndiye khomo labwino.

Yachiwiri ya 2010 ili pawiri. Theka loyamba, Ip Man ali ku Hong Kong wopanda ndalama, akuphunzitsira padenga la nyumba ya eni, n'kumenyana ndi Sammo Hung pamwamba pa tebulo lozungulira kuti aphunzitsi anzake amuvomereze, ndi lokoma zedi. Theka lachiwiri limasanduka nkhani yanthawi zonse ya wankhonya wachingelezi wonyoza, Twister, amene ayenera kuphunzitsidwa mwambo. Mukudziwa kale mmene zithere.

Yachitatu ya 2015 anthu amaikumbukira chifukwa cha Mike Tyson, koma ndewu yawo ya mphindi zitatu ija ndi yongokometsera malonda. Mtima wa filimuyi ndi mkazi wa Ip Man, woseweredwa ndi Lynn Hung, amene wapezeka ndi khansa. Mphunzitsi wina wa Wing Chun, woseweredwa ndi Max Zhang, amaitana Ip Man kuti aonetsane mwini weniweni wa lusolo, atolankhani asonkhana, koma iye osabwera chifukwa wapita kukavina ndi mkazi wake. Palinso ndewu ya mu chikepe, momwe akulimbana ndi wankhonya wa ku Thailand kwinaku akutchinga mkazi wake ndi msana. Kwa ine apa m'pamene Yen anasewera bwino kwambiri ngati munthu, osati ngati womenya, ndipo anachita zimenezi osalankhula zambiri.

Yachinayi ya 2019 imamutengera ku San Francisco mu 1964 kukafunira mwana wake sukulu, ulendo womwenso ndi wopeka. Scott Adkins, amene ndi mdani, amamenya bwino koma amakuwa filimu yonse. Ionereni pokhapokha mukufuna kumaliza mndandanda.

Akasiya zibakera

Apa ndiye pali kukaikitsa. Chasing the Dragon ya 2017 ndi pomwe Yen anayesetsa kuti anthu amuone ngati katswiri wa zisudzo. Akusewera ngati Crippled Ho, munthu wochokera pa Ng Sik-ho weniweni, amene analemera ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Andy Lau akusewera ngati Lee Rock, wochokera pa Lui Lok, wapolisi amene anakonza ndondomeko yotolera ziphuphu kwa zigawenga n'kumagawana ndi akuluakulu ake, mpaka pamene boma la atsamunda achingelezi linakhazikitsa bungwe lothana ndi katangale la ICAC mu 1974. Lui Lok anathawira ku Canada, Ng Sik-ho analowa m'ndende. Filimuyi inamanganso Kowloon Walled City, dera lothithikana lija lomwe apolisi ankaopa kulowamo ndipo linagwetsedwa mu 1993 ndi 1994, ndipo mbali imeneyo ndi yochititsa chidwi.

Yen amatsimphina, amakalipa, amalira, ndipo akamenya amamenya mwachisawawa ngati munthu wa mumsewu. Khama likuoneka, ndipo vuto lake ndi lomwelo, likuoneka kwambiri. Akaima pafupi ndi Andy Lau, amene amangokweza chikope n'kumaliza nkhani, kusiyana kumadziwika. Filimuyi imakometsanso chigawenga mopitirira, ngati kuti wogulitsa mankhwala oononga ana a anthu anali chabe munthu wokonda abale ake. Ndi yoyenera amene amakonda nkhani za katangale wa apolisi ndi mbiri ya Hong Kong, osati amene akufuna kung fu.

Big Brother ya 2018 ndi yopepuka. Msilikali wakale wasanduka mphunzitsi pasukulu ya sekondale yomwe ikufuna kutsekedwa, ndipo amayendera ana ovuta m'makomo mwawo kuti amvetse mavuto awo. Mavuto onsewo amatha mosavuta kwambiri, aphunzitsi enieni aseka. Koma ndi yoyera, ili ndi ndewu imodzi yabwino m'chipinda chosinthira zovala, ndipo ana a sekondale amaikonda.

Mawu amene mukumva ndi a ndani?

Kupatula Blade II, mafilimu onse amene ndatchulawa ndi a Chikantoni, chinenero cha ku Hong Kong, Macau ndi Guangdong, chomwe n'chosiyana ndi Chimandarini cha ku Beijing moti olankhula chimodzi samva chinzake popanda kuphunzira. N'chifukwa chake Hero ya 2002, momwe Yen anamenyananso ndi Jet Li mvula ikugwa, sindinaiike pano, pakuti ija ndi ya Chimandarini. Rogue One ndi John Wick: Chapter 4 ndi za Chingelezi, ndipo kumeneko ndi mlendo wolemekezeka chabe m'filimu za eni.

Pa mafilimu akale aja a m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, chinenero chisakudetseni nkhawa. Ambiri ankajambulidwa opanda mawu, mawu n'kudzaikidwa pambuyo mu situdiyo, nthawi zina ndi anthu ena. Ngakhale mutapeza yomasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ athu, ndi nthabwala zawo zija, Iron Monkey siiwonongeka, mwinanso imakoma kuposa. Koma pa Ip Man yoyamba zinenero zili ndi ntchito m'nkhani. Anthu a mu Foshan amalankhula Chikantoni, wankhonya wa kumpoto uja amalankhula Chimandarini, asilikali amalankhula Chijapani, ndipo pakati pawo pali womasulira, wapolisi wakale, amene nthawi zina amasintha dala zimene Ip Man wanena kuti amupulumutse. Onse akamalankhula chinenero chimodzi m'kope loikidwa mawu Achingelezi, munthu ameneyu amasanduka wopanda ntchito. SPL ndi Ip Man 3 nazonso zimadalira pomwe anthu akhala chete, ndipo DJ salola kuti pakhale chete. Zitatu zimenezi funani za mawu ake enieni zokhala ndi mawu olembedwa m'munsi.

Chenjezo lina ndi la maina, makamaka mukamakaikitsa mafilimu kwa anyamata okopera mu memore khadi. SPL II ya 2015 mulibe Donnie Yen, muli Tony Jaa ndi Wu Jing, ndipo nkhani yake siigwirizana ndi yoyamba. Pa Ip Man ndiye pali chisokonezo chenicheni: The Legend Is Born ya 2010 ndi ya Dennis To, The Final Fight ya 2013 ndi ya Anthony Wong, The Grandmaster ya chaka chomwecho ndi ya Tony Leung, ndipo Master Z ya 2018 imatsatira Max Zhang atagonja mu Ip Man 3. Ena mwa amenewa ndi abwino paokha, makamaka The Grandmaster, koma musanalipire muuzeni mnyamatayo atsegule kaye filimuyo muone nkhope. Za Yen zonse zinayi anatsogolera ndi Wilson Yip, ndipo dzina lake limaoneka koyambirira.